Ukadzaona NPO Pamutu pa Bedi Langa

Mzimba,
Lamlungu masana.

Wezi mwana wanga,

Wapita kukatsanzika kwa anzako a kwaya, bambo ako akusinza pakhonde nyuzipepala ili pankhope, ndiye ndati ndikhale pansi ndilembe zimene zandikanika kunena pakamwa sabata yonseyi. Kangapo konse ndakuitana kuchipinda kuti tikambirane, koma ukangolowa ndimayamba kukufunsa za sopo ndi nsapato. Kalatayi ndiyiika m'sutikesi pakati pa nsalu zako zofunda. Ukaiwerenge uli wekha, utafika, utapumula.

Nkhani yake ukuidziwa kale. Chithokomiro changachi chakula, kolala ya yunifolomu inasiya kalekale kutsekeka, ndipo masiku ano ndikagona chagada mpweya umavuta. Adokotala anati chichotsedwe, koma kuno sizingatheke, ndiyenera kupita ku Lilongwe, kuchipatala chomwecho kumene iwe ukaphunzire unamwino. Andiuza kuti ndidzapite mvula ikamayandikira. Nthawi imeneyo udzakhala utatsiriza miyezi yoyamba ya m'kalasi, mutayamba kulowa m'mawodi. Pamaso panu ndakhala ndikuseka, kumati ka opaleshoni aka n'kachiyani kwa munthu amene wakankhira anthu ambirimbiri ku fiyeta. Ndimanama, Wezi. Ndikuopa kwambiri. Mpeni sindikuuopa kwenikweni, madokotala a kumeneko ntchito yawo amaidziwa. Chimene chikundisowetsa tulo ndi zilembo zitatu zimene adzapachike pamutu pa bedi langa, ndi anthu ondikonda amene adzakhale pansi pa zilembozo.

Ndifika pamenepo, koma undilole ndidzere njira yaitali, pakuti umawadziwa amayi ako.

Sabata yoyamba adzakupatsani zilembo za ntchito yathu kuti muloweze. BD, ndiye kuti mankhwala amwedwe kawiri patsiku. TDS, katatu. IM, jakisoni wa m'mnofu. IV, wa mumtsempha. BP, kuthamanga kwa magazi. Zilipo zambiri, ndipo iwe ndi mutu wa bambo akowo udzaziloweza anzako asanapeze n'komwe pogona. Udzayamba kuzitchula ngakhale pakudya, ndikukuona kale, kamwa ili m'mwamba. Ifenso tinatero. Koma dziwa kuti amene anapanga zilembozi anali anthu okhala ndi wotchi pamkono, odya katatu patsiku chaka chonse, onena msanga akamva kuwawa. Odwala ako sadzakhala otero. Pakati pa chilembo ndi munthu wagona pabediyo pali mtunda, ndipo amene amayenda mtunda umenewo ndi namwino.

Ndinaphunzira zimenezi kwa bambo wina wachikulire wa cha ku Luwawa, nditangofika kumene kuno kuchokera kwathu ku Dedza. Anabwera ndi chifuwa, adokotala analemba mapiritsi, TDS, akadya. Ine Chitumbuka changa nthawi imeneyo chinali cha moni basi, ndiye ndinangogwira mawu amene ndinkawatha: muzimwa mukatha kudya. Anavomera mwaulemu, nanyamuka. Unali mwezi wa Febuluwale. Patapita masabata angapo anabwera naye panjinga, akupumira m'mwamba, mapiritsi ambiri akadali m'kathumba. Ndinayamba kumukalipira, monga timachitira tikavala zoyera. Anandiyang'ana modabwa. "Anesi, munati ndizimwa ndikadya. Ife mwezi uno tikudya kamoza, madzulo. Mbwenu ndimamwa kamoza." Munthuyo sanaphonye ngakhale pang'ono zimene ndinamuuza. Anachira, Mulungu ndi wabwino, koma kuyambira tsiku limenelo sindimangirira mankhwala pa chakudya ndisanafunse kuti kunyumbako moto ukuyaka kangati. Ndimaloza dzuwa: likamatuluka, likafika paliwombo, likamalowa. Dzuwa limatuluka kwa wolemera ndi wosauka yemwe. Ukaona TDS, Wezi, uzifunsa kaye za kunyumba kwa munthuyo.

China ndi PRN. Chimenechi chimatanthauza kuti mankhwala aperekedwe pokhapokha akafunika, ndipo kawirikawiri amalembera mankhwala opha ululu. M'buku n'chosavuta: wodwala akadandaula, mpatse. Tsono uwadziwe amuna a kwanu kuno. Tinalandira mnyamata wina wocheka matabwa ku Chikangawa, dzanja litaphwanyika ndi chipika. Atamusoka anamulembera jakisoni, PRN. Tsiku lonse aliyense wa ife akadutsa ankamufunsa ngati akumva kuwawa, iye n'kumati, "Yayi, nili makora," kutanthauza kuti ali bwino. Ife n'kumadutsa, tikuyamikira kuti koma ndiye mwamuna wolimba. Anatiululira ndi mkazi wake, atationetsa ngodya ya bulangete. Anali ataitafuna mpaka kuboola. Bambo ake ndi apongozi ake anali atakhala pambali pa bedi, ndipo mwana wa Mngoni sangalire ululu pamaso pa apongozi, bola afe. Choncho ukaona PRN usadikire kuti munthu apemphe. Yang'ana thukuta pamphuno, yang'ana mmene wapindira zala zakumapazi, mvetsera mmene akupumira. Ukatero uwatulutse kaye abale panja, ubaye jakisoniyo mwakachetechete, ndipo usakalengeze kuti anadandaula.

Pa STAT ndiye ndikuseka ndekha pano, pakuti ndinakulera ndine. STAT ndiye kuti pompano, osati ukamaliza chimene ukuchita. Iwe ndinakuphunzitsa kuti sudutsa munthu wamkulu osagwada, ndipo moni wako ndi wautali ngati ulaliki wa pa Pasaka: mwauka uli, kunyumba kuli uli, ana ali uli, ng'ombe nazo. Khalidwe limenelo usalitaye, ndi limene lidzakutsegulire makomo. Koma mwana akamakomoka ndi malungo, adokotala atati STAT, ngakhale pakhomo pataima abusa kapena amalume a mfumu, uwadutse ngati sunawaone. Ndinaonapo mnzanga wina ataima pakhonde, jakisoni ali m'manja, akuyankha moni wa mayi wina wa kumpingo kwawo amene sankafuna kumusiya dzanja. Mwanayo anapulumuka, koma sisitala anamutsuka mkamwa mnzangayo pamaso pa wodi yonse. Moni udzapereka pobwerera, ndipo wanzeru adzamvetsa.

Ukalephera kuwerenga zimene adokotala alemba, funsa. Ena amalemba ngati nkhuku yapalasa pamchenga. Adzakuyang'ana moipa, mwina adzakufunsa kuti sukulu unaphunzira kuti, koma manyazi a tsiku limodzi sapha munthu. Safunsa anadya phula, ndipo m'ntchito yathu phulalo amadya ndi wodwala.

Pali mafunso ena amene sindikufuna uzifunsa, ndipo apa undimvetsetse bwino. Nthawi zina kudzabwera odwala operekezedwa ndi anthu amene si abale awo, anthu amene amaima pakhomo osakhala pansi. Udzaona mabala, udzaonanso zimene zalembedwa, ndipo mwina sizidzagwirizana. Tsuka balalo bwinobwino, mpatse munthuyo madzi ngati aloledwa, mufunditse, koma pakamwa utseke. Usakambe zimenezo ku hositelo, ngakhale kwa mnzako wogona naye chipinda chimodzi. Khadi la chipani lizikhala m'chikwama nthawi zonse, madiresi ako onse ndawafutukula mpendero kuti apitirire mawondo, ndipo Chitumbuka uzichisungira odwala amene sakumva china, osati pocheza m'makonde. Ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo ukutsata. Iwe mlomo uli nawo, unatengera ine. Sindikunena izi chifukwa cha iwe wekha ayi. Ndikufuna pamene ndidzafike ku Lilongwe ndi khosi langali ndidzakupeze ulipo, usanathamangitsidwe sukulu kapena kuposa apo.

Tsopano ndafika pa zilembo zanga zija. NPO. Ndiye kuti munthu asalandire kanthu kalikonse pakamwa: chakudya ayi, phala ayi, tiyi ayi, ngakhale madzi. Amapachika kakhadi kameneka wodwala akamayembekeza opaleshoni, ndipo kamakhalapobe akatuluka ku fiyeta mpaka adokotala atalola. Chifukwa chake adzakuphunzitsani ndi zithunzi, koma ine ndikuuza mwachidule. Munthu akagonekedwa ndi mankhwala a ku fiyeta, thupi lonse limagona, ndi kukhosi komwe. Iwe ndi ine madzi akalowa njira yolakwika timatsokomola, amatuluka. Wogonekedwa satsokomola. Ngati m'mimba muli kanthu n'kusanza, zosanzazo zimatsikira m'mapapo, ndipo munthu amamira ali pabedi pouma.

Ndinaziona ndi maso angawa pachipatala chimene ndinayambira ntchito, ndisanakwatiwe. Kunabwera mtsikana wa msinkhu ngati wakowu, wongokwatiwa kumene, wochokera kumidzi ya kupitirira Champhira. Anali ndi chotupa m'mimba chofunika kuchotsa, opaleshoni yosaopsa kwenikweni. Womudikirira anali apongozi ake aakazi, mayi wamtali, waukhondo, wosalankhulalankhula. Mtsikanayo ankamusambitsa okha, kumupesa, kumuchapira, ndipo tonse tinkati mwana uyu anakwatiwa pabwino. Dzulo lake la opaleshoni mnzanga wa m'wodi anapachika kakhadi ka NPO. Sanangopachika n'kuchoka ayi. Anali Mtumbuka mnzawo, anakhala nawo pansi, anawafotokozera zonse m'chinenero chawo, za kusanza, za mapapo, zonse. Mayi aja anamvetsera mpaka pamapeto, nati, "Yewo chomene, tapulika." Ndiye kuti zikomo, tamva.

M'mawa mwake ine ndinali wolandira odwala pakhomo la fiyeta. Mwa lamulo ndinafunsa mtsikanayo ngati wadya kapena kumwa kanthu. Anayang'ana apongozi ake, napukusa mutu. Ndinafunsa apongoziwo. Anati, "Wandarye kalikose," sanadye chilichonse. Ndinafunsanso amayi awiri odikirira odwala a mabedi oyandikana amene anathandiza kukankha machira, onse anati ayi, sanalawe kanthu mwanayu. Tinamulowetsa. Atangomugoneka, mpeni usanamukhudze n'komwe, anayamba kusanza. Chinali chindongwa, thobwa la kunoli, chambiri ndithu. Tinamutembenuza, tinapopa, adokotala anachita zonse zimene munthu angachite. Anakhala masiku angapo akupuma movutika, thupi likutentha, kenako anatisiya. Chotupa chija anapita nacho kumanda osachikhudza.

Pambuyo pake mmodzi wa amayi odikirira odwala aja anatiuza mmene zinayendera. Kutatsala pang'ono kucha, apongozi aja anatulutsa chigubu m'dengu. Amayi anzawo anaimirira mozungulira bedi atatambasula zitenje, ngati kuti wodwalayo akusintha zovala. Onse ankadziwa za kakhadiko, ena a iwo odwala awo anali atadutsamo kale. Mtsikanayo poyamba anakana, akuti anati anesi aletsa. Koma mkamwana angakane kangati chikho chimene apongozi amugwirizira pakamwa? Anamwa chonse.

Mayi aja ndinawapeza atakhala pansi kuseri kwa nyumba ya chisoni, miyendo atatambasula, osalira. Ndinali ndi mawu ambiri okonzeka, ndinali wamng'ono komanso wokwiya. Anayamba ndi iwo. "Anesi, ine ndinamva zonse zimene ananena anzanu. Kweni uyu ndi mwana wa eni. Tinamutenga kwawo ali bwinobwino. Ndinati kumene akupitaku ena sabwerako, ndiye apite ndi njala? Kwawo akanandifunsa kuti mwana wathu munamupatsa chiyani komaliza, ndikanati chiyani?" Sanali mayi wopusa, Wezi, ndipo sanali woipa. Amati chifundo chinapha nkhwali, koma m'chipatala chifundo chotere chimapha amene akuchitiridwayo. Kuyambira pamenepo sindikhulupirira yewo wa munthu wodikirira wodwala. Ndimasuzumira pansi pa bedi, ndimatsegula madengu, ndimanunkhiza m'makapu, ndipo ndikudziwa kuti m'wodi amanditcha nesi wankhanza wa chotupa pakhosi.

Tsono tamvera chimene chandigwetsa mphwayi. M'wodi ya amayi bambo ako sangagonemo, womudikirira mkazi ayenera kukhala mkazi. Ine achemwali ndilibe, agogo ako ku Dedza maso anatha. Ndiponso ng'ombe za malowolo zinapita kwathu, choncho matenda anga ndi a kwa a Zimba, kwawo kwa bambo ako, ndiwo osankha wondiperekeza. Anakhala pansi kumudzi ku Champhira ndipo asankha ankhazi ako a NyaZimba, alongo awo a bambo ako. Sindikanatha kukana, ndipo kunena zoona palibe wina amene ndikanamufuna pa zina zonse. Mayi ameneyu anandilandira ine mlendo wosadziwa chinenero, anandiphunzitsa kugwada kwa kuno, ndipo pamene ndinkabereka iwe anagona pasimenti mpaka ndinatuluka. Amandikonda ngati mwana wa m'mimba mwawo. N'chifukwa chake ndikuwaopa.

Unawaona atabwera sabata yatha ndi nkhuku ndi mtedza wa pa ulendo wako. Iwe utapita kumsika ndinayesa kuyamba nawo nkhaniyi tikusenda mtedzawo. Ndinawafotokozera za kakhadi, za kukhosi kogona, ndinawasimbira ngakhale za mtsikana uja. Anagwira pakamwa, anamva chisoni kwambiri, anati apongozi amenewo analakwa, chigubu chonse chinachuluka. Kenako, pofunsa kuti kaphala kapang'ono chabe kangachite chiyani, anati, "Kweni kaphala pachoko waka, mulamu, kamadzimadzi, kangachite vichi? Inu ndinu mwana wa eni. A ku Dedza akadzamva kuti tinakulowetsani ku mpeni ndi njala, tidzawayang'ana bwanji?" Ndinati mlamu, ngakhale kapang'ono, ngakhale supuni imodzi. Anandisisita pabondo akumwetulira, nati, "Yewo, tapulika."

Mwina ukuti, nanga inu amayi si nesi, simungakane nokha? Isanachitike opaleshoni ndidzakana, ngati mutu udzakhale uli bwino. Koma dzulo lake amapereka mankhwala oti munthu agone, ndipo m'mawa amabaya jakisoni wina woumitsa kukamwa ndi kulemeretsa maso. Munthu amakhala ngati waledzera, chimene chafika pamlomo amangomeza. Ankhazi ako amadzuka nkhuku zisanalire, ndipo m'wodi yaikulu ngati ya ku Lilongwe namwino mmodzi amayang'anira mabedi osawerengeka, ena odwala ali pansi. Sangaone zonse. Amayi odikirira odwala ndi amodzi kulikonse, zitenje ali nazo, ndipo adzawamvera chisoni mayi wachikulire wochokera kutali amene akungofuna kudyetsa mlamu wake.

Ndiye ntchito ndakupatsa ndi iyi. Ndikadzagonekedwa m'chipatala, upite kwa sisitala woyang'anira wodiyo, ugwade, unene kuti wodwala wa pabedi lakutilakuti ndi mayi ako ndipo ukupempha kukhala pambali pake kuyambira pamene kakhadi kapachikidwe. Umuuze chifukwa chake mosabisa. Ngati ndi nesi weniweni adzamva msanga, pakuti aliyense wa ife ali ndi nkhani yake ya chigubu. Ukaloledwa, dengu la ankhazi ulitulutse m'wodi, ukalisungitse kukhitchini ya odikirira odwala. Kakabati ka pambali pa bedi kakhale kopanda kanthu, kapu ndi supuni zomwe. Akakutuma kuti ukatunge madzi kapena ukaitane munthu, usapite, tuma wina. Akatambasula chitenje kuti andisinthe zovala, iwe ukhale mkati mwa chitenjecho.

Ndikudziwa chimene ndikukupempha. Iwe ankhazi ako sunawayankhepo mawu awiri chibadwire. Tchuthi chilichonse unkathera kwa iwo, ndiwo anakulangiza utakula, ndiwo adzayankhule pa ukwati wako. Kwanu kuno mawu a ankhazi ndi mawu a bambo. Adzakuuza kuti sukulu ya miyezi yochepa yakupenga, kuti iwo anadwazika anthu iwe usanabadwe, kuti ukufuna kupha mayi ako ndi njala. Mwina adzalira, ndipo kumeneko ndiko kovuta kuposa kukalipa. Mwina nkhani idzafika kumudzi iwe usanafike, kuti mwana wa a Zimba anachita mwano pagulu. Usakweze mawu, usawachititse manyazi pamaso pa amayi anzawo. Ugwade monga mwa masiku onse, unene kuti ndapota ankhazi, adokotala aletsa, ndipo ubwereze mawu omwewo ngakhale kakhumi. Koma dzanja lako likhale pakati pa supuni ndi pakamwa panga. Za kumudzi ndidzakakonza ndekha ndikachira, ndidzapita ndi nkhuku kukapepesa. Wakufa sapepesera mwana wake.

Bambo ako ndawauza zonsezi. Anati ndikuchulutsa mantha, alongo awo ndi munthu womva. Kenako ananena kuti pamene amayi awo ankamwalira, anali a NyaZimba omwewo amene anawamwetsa phala lomaliza, ndipo mpaka lero amanyadira kuti mayi sanapite ndi njala. Atatero anatuluka kukaona nkhuku, ngakhale kuti nkhuku zinali zitalowa kale. Iwonso akuopa, koma ndi mwamuna wa kuno, adzatafuna bulangete. Uziwalembera kawirikawiri, nkhani za sukulu ndi za nyengo basi, pakuti makalata amadutsa m'manja ambiri.

Chatsala chimodzi, ndipo ndi chimene ndimalephera kukuuza ukalowa kuchipinda kuja. Ankhazi ako ndi theka chabe la mantha anga. Theka linalo ndine.

Munthu akamatsitsimuka ku mankhwala a ku fiyeta amamva ludzu limene sungalimvetse usanalione. Lilime limauma ngati chikopa, kukhosi kumayaka, ndipo mutu umakhala usanabwerere. Nthawi imeneyo kakhadi kamakhala kakadalipo, makamaka kwa amene wachekedwa pakhosi, pakuti kumeza kumakhala kusanadzuke bwino, ndipo kusanza kungathe kung'amba pamene asoka. Ludzu limenelo silidziwa kuti uyu anaphunzira. Ndinadikirirapo sisitala wathu wina wamkulu, mayi amene anatiphunzitsa tonsefe za NPO, amene ankatha kutaya tiyi wa wodwala pawindo. Atatuluka ku fiyeta anandigwira yunifolomu, kundipempha madzi ngati mwana. Nditakana anandilamula monga mkulu wanga pantchito. Nditakananso ananditukwana mawu amene sindinkadziwa kuti amawadziwa. Atachira sankakumbuka kalikonse.

Inenso ndidzatero, Wezi. Usaganize kuti amayi ako ndi ena. Ndidzayamba mwaulemu, ndidzati kadontho kokha mwanangu, konyowetsa kukhosi. Ukadzakana ndidzakuuza kuti ndine nesi wa zaka zambiri, ndikudziwa chimene ndikunena, iwe sunathe ndi chaka chomwe. Ndidzalankhula momveka bwino, ngati munthu wanzeru zake, ndipo udzayamba kukayika. Ukadzakanabe ndidzakukumbutsa kuti ndinakuyamwitsa, kuti sindinakumanepo kanthu, ndidzafunsa kuti ndinakulakwira chiyani. Ndimadziwa pamene mtima wako uli pofewa, ndine ndinakubala, ndipo ndidzagwira pomwepo. Ankhazi ako adzakhala kumbuyo kwako ndi kapu, akulira, amayi a mabedi ena akukuyang'ana ngati mfiti. Udzakhala wekha, mwana wanga, ndipo ndikupepesa lero lomwe pokuika pamalo otero usanakhwime n'komwe pantchito.

Chimene ungachite ndi ichi chokha: tenga thonje, uviike m'madzi, ufinye, undipukute milomo. Uyang'anire ndisaliyamwe, pakuti ndidzayesa. Ukatero undigwire dzanja, undilole ndikunene zonse zimene ndidzanene, usayankhe. Udikire mpaka adokotala kapena sisitala achotse kakhadiko ndi dzanja lawo. Usachotse ndiwe, ngakhale nditaoneka bwino chotani.

Amene adzakupemphe madzi tsiku limenelo adzakhala ndi nkhope yanga ndi mawu anga, koma usamumvere. Mvera ine amene ndikulemba lero masana, maso ali gwa, mutu uli bwinobwino. Ndikufuna kudzabwerera ku Mzimba ndi mapazi anga, ndidzakuone utavala chipewa choyera. Ndakulera kuti usamakanize munthu madzi, ndipo sunandichititsepo manyazi. Kamodzi kokha aka, undikanize.

Uyende bwino mawa. Mulungu akutsogolere, ndipo akulimbitse mtima kuposa mmene ndinakulimbitsira ine.

Ndine amayi ako,
amene aika khosi lawo m'manja mwako.